Pepani Amene a Ivanildo Anatisiyira M'kansolo

BUNGWE LA OKONDA TINSOLO TOTSEGULA LA KU TETE
Matundo, Outubro 2013

Kwa Mayi Zélia Benedicto ndi ana, kwa Bambo Jacinto amene ndi malume a malemu pamodzi ndi abale onse ochokera ku Angónia, ndiponso kwa anthu onse amene anawadziwa mbale wathuyu,

Ndi mitima yosweka, ife a bungweli tikudziwitsa anthu onse za imfa ya Bambo Ivanildo Benedicto, amene analiyambitsa ndi kulibereka kumsana mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo anatisiya pa msewu wa ku Moatize pamene lole, imene kuno timati kamiyau, inawomba njinga yawo yamoto akuchokera kuntchito, dzuwa likuswa mtengo. Tinawaperekeza kumanda ku Mpadue, tinathira dothi ndi manja athu, komabe palibe mmodzi mwa ife amene lilime lake lazolowera kuwatchula kuti malemu. Ine amene ndikulemba m'dzina la onse ndine Belmira Alberto, wapampando, wogulitsa mbatata ya kachewere yochokera ku Tsangano, ndipo pamene mawu anga aterereke mundikhululukire, pakuti amene ankandiwongolera makalata a bungwe ndi omwewa tikuwalirawa.

Popeza uthengawu ufika kwa ambiri amene sadziwa chimene tinkasonkhanirana, ndipo ena ankangotiona ngati akuluakulu osowa zochita, tiyenera kufotokoza pang'ono. Kansolo ndi kamakina ka masewera kokwana m'manja awiri, kagalasi pakati, mabatani uku ndi uku. Pa Chipwitikizi amati consola, koma makutu athu a ku Angónia anamva nsolo, ndipo dzina linakhala lomwelo. Timati n'kotsegula chifukwa amene anakapanga sanakhome m'kati mwake: aliyense wodziwa akhoza kuikamo masewera ake, kusintha a mnzake, ndi kugawira amene wafuna popanda kugwadira bwana aliyense. A Ivanildo ankakonda kunena kuti, “Chinthu chimene sungathe kuchitsegula si chako, wangobwereka.” Ena mwa ife tinamva mawu amenewa mpaka kutopa nawo, koma lero tikuwasowa.

Anabwera ku Tete kuchokera ku Ulongwe pamene malasha anayamba kuitana anthu, nalowa ntchito ya zamagetsi ku Moatize. Kansolo kawo koyamba kanali kakufa, ndipo mnzawo wa kuntchito wochokera kunja ankafuna kukataya, koma iwo anakatola n'kukadzutsa. Kuyambira pamenepo anasonkhanitsa m'kachipinda ka ku Nhartanda anthu amene sakanakhalira mkeka umodzi pa chifukwa china chilichonse: oyendetsa minibasi zimene timati shapa, alonda, aphunzitsi, Asilamu ndi Akhristu, Anyungwe ndi ife a kumapiri, ngakhale amayi a pamsika amene tinabwera kudzaseka koma tinakhalira pomwepo. Anatiitanitsira tinsolo kudzera mwa oyendetsa makamiyau oyenda maiko akunja, anatiphunzitsa kumasula ndi kuchotsa fumbi ndi mswachi wakale, anamasulira masewera m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ndipo analemberana ndi okonda tinsolo a maiko akutali amene anali asanamvepo kuti padziko pano pali mzinda wotchedwa Tete. Koposa zonsezi, anapanga masewera awoawo otchedwa Shapa ya pa Mlatho, m'mene wosewera amayendetsa shapa yodzaza anthu kuchokera ku Matundo kuwoloka Zambezi, akuzemba maenje, mbuzi ndi makamiyau. Tamva kuti ena akunong'ona kuti anadzilosera imfa. Ayi ndithu, abale, munthuyu anangoikamo zimene tonsefe timakumana nazo tikatuluka pakhomo.

M'masewera ochokera kunja, wosewera akagonja pamatuluka mawu ouma onena kuti zatha. A Ivanildo anakana kuti m'masewera awo mukhale zimenezo. Tinakangana Loweruka lathunthu, wina akuti tilembe kuti “Wafa”, wina akuti “Wagwa nayo”, koma iwo anati, “Kwathu munthu akagwa sitimuseka, timati pepani.” Atafika kunyumba anadzitsekera m'bafa, poti ndi mokhamo mmene phokoso la pamsewu silinkafika, najambula liwu lawo lenileni likunena kuti, “Pepani, pepani ndithu. Tiyesenso?” Titalimva tinaseka mpaka nthiti kuwawa, chifukwa analikhuthalitsa ngati munthu wolengeza kutchalitchi, ndipo kumapeto kwake kumamveka kugogoda, go go go, kwa munthu wofuna kulowa m'bafamo. Mayi Zélia, inu mukumudziwa wogogodayo. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wogunda shapa yake ankapepesedwa ndi a Ivanildo, ndipo tonse tinkasewera molimbika kuti tisawamve.

Tsopano tifike pa chimene chatisenzetsa manyazi pamwamba pa chisoni. Pa tsiku la maliro, membala wathu Tiago, woyendetsa shapa, anabwera kumanda ndi kansolo kake m'thumba la buluku ataiwala kukazimitsa. Pamene anawerama kuti agwire chingwe chotsitsira bokosi, mabatani anadinikizika, shapa ya m'masewera inanyamuka yokha n'kugunda, ndipo pakati pa bata la kumanda liwu la malemu linatuluka momveka bwino: “Pepani, pepani ndithu. Tiyesenso?” Mayo ine! Nyimbo inadukira pakamwa, amayi anabalalika kulumpha mitumbira, wina anakomoka, ndipo bokosi likanagwa pakanapanda amuna a mbali inayo kugwiritsitsa. Tiago chilowereni m'nyumba sanatulukebe, ndipo shapa yake yangoima pansi pa mtengo.

Inu a malume, Bambo Jacinto, munatiitanira pambali n'kunena mawu amene tinawamva bwino lomwe: “Ife tikuika mwana wathu m'manda, inu mwamutsekera m'matumba mwanu. Agona bwanji munthu woti akupepesabe amoyo? Fafanizani mawuwo paliponse pamene ali mwezi uno usanathe.” Munali ndi ufulu wonse kulankhula motero, ndipo bungwe lonse likugwada pamaso panu ndi pamaso pa banja kupepesa chifukwa cha mantha ndi chipongwe zimene tinadzetsa pa tsiku loyenera ulemu.

Koma sitikufuna kunama pa maliro. M'tinsolo ta mamembala tafafaniza kale, aliyense ndi chala chake, ena misozi ili mbwembwembwe, ndipo ka Tiago ndinakatenga ndekha kunyumba kwake. Zimene sitingathe ndi kuitana mawu amene anapita kale kutali. Masewerawo anali otsegula, malemu anawapereka kwa aliyense wofuna, ndipo anthu anawatengera ku Beira, ku Lilongwe, mpaka kutsidya kwa nyanja zazikulu, kwa anthu amene sitikuwadziwa maina ndiponso amene sadziwa n'komwe tanthauzo la pepani. Madzi akatayika saoleka, a malume, ndipo tikanakulonjezani kuti tawaola tikanakunamizani.

Komabe musade nkhawa, ndipo izi ndikunena ndi mtima wowawa, osati mokutonthozani: chimene ife talephera, nthawi ichichita yokha, ndipo siichedwa. Paja walira mvula walira matope. Tinalira ntchito, malasha anabwera nayo, koma anabweranso ndi fumbi limene limalowa pansi pa mabatani mpaka kuwaumitsa, ndipo kutentha kwa Tete kumatupitsa mabateriya amene sapezeka m'sitolo iliyonse kuno. Opanga tinsolo totsegula anali timagulu ting'onoting'ono ta kutali. Ena anatseka, ena amalonjeza katsopano chaka ndi chaka koma sikafika. Makampani akuluakulu amagulitsa zokhomakhoma, zoti ukangomasula kamodzi wawononga. Anyamata amene tinkayembekeza kuti adzatilandira ali pa matelefoni osisita ndi chala, ndipo ukawaonetsa kansolo amakuyang'ana ngati wawaonetsa nyale ya koloboyi. Anzathu a maiko akutali amene malemu ankalemberana nawo akhala chete mmodzimmodzi, ndipo titawatumizira uthenga wa imfayi anayankha ndi ochepa kwambiri.

Kwathu kuno nako zinayamba kale kugwa. Mwini nyumba wa ku Nhartanda anatitulutsa kuti aikemo ogwira ntchito kumigodi, ndipo tinasamukira pakhonde panu, Mayi Zélia, pamene munatipirira Loweruka lililonse ngakhale nkhope yanu inkanena zina. Tsopano inunso mukulongedza kubwerera ku Ulongwe. Mamembala ena ntchito yosinthana nthawi inawameza, ena anatsatira njanji kumka kunyanja, ndipo otsalafe timakwana pa mkeka umodzi malo n'kutsala. Chopweteka kwambiri n'chakuti a Ivanildo sanabise kanthu. Mapangidwe onse a masewera awo ali poyera, palibe loko, palibe mawu achinsinsi, aliyense akhoza kupitiriza pamene anasiyira. Khomo lili pululu, koma mwa ife palibe wodziwa kuwerenga zimene zili m'katimo. Anatiitana kangapo kuti atiphunzitse, ife n'kumati mawa, poti kusewera kunkakoma kuposa kuphunzira.

Loweruka lapitali tinakumana pakhondepo komaliza, ndipo ndinafunsa anzanga funso la malemu lomwelo: tiyesenso? Aliyense anayang'ana pansi. Choncho, ndi chisoni chachikulu, tikudziwitsa anthu onse kuti Bungwe la Okonda Tinsolo Totsegula la ku Tete latha, ndipo uthenga uno ndiwo ntchito yake yomaliza.

Patsala chinthu chimodzi chimene Mayi Zélia atilola kunena poyera, ndipo tikuchinena kwa inu a malume kuti musadzachimve kwa ena. Tsiku lomwelo, titafafaniza m'tinsolo tonse, m'manja mwanga munatsala kamodzi, kansolo ka malemu eni ake, kamene ankakasamala kuposa nsapato zawo za kutchalitchi. Chala changa chili pa batani, mayiwa anatuluka m'nyumba ndi madzi akumwa, anaika pansi, n'kundifunsa.

“Amayi a bungwe, kodi kuti alankhule, munthu amatani?”

“Amayenera kugonja, mayi,” ndinayankha. “Shapa ikagunda ndi pamene amalankhula.”

“Nanga ine woti sindidziwa n'komwe kusewera?”

“Ndiye kuti mugunda pompopompo.”

“Basi, ndipatseni,” anatero. “Kameneka ndadana nako zaka zonsezi, kankandilanda mwamuna pakhonde panga pomwe. Ndipo munthuyu, kuuma mutu, kwa ine sananenepo pepani n'kamodzi komwe. Nonsenu anakupepesani, ine ayi.”

Ndinawapatsa. Anakagwira mozondoka, ndinawatembenuzira, anadina, ndipo shapa isanafike n'komwe pa mlatho inagunda mbuzi yoyamba. Liwu linatuluka, linapepesa, linafunsa funso lake, kenako kunamveka kugogoda kuja. Mayiwa anati, “Ndine uyo, ndinkafuna kutunga madzi, iwo osatsegula.” Anaseka pang'ono, kenako analira kulira kumene sanalire kumanda, ndipo atapukuta misozi ndi chitenje anadinanso n'kulunjika mbuzi yomwe ija mwadala. Palibe mwa ife amene anali ndi mphamvu yowalanda, ndipo ine, Belmira, ndikuvomera kuti sindinayese.

A malume, lamulo lanu talisunga paliponse pamene manja athu afika kupatula pamenepa, ndipo tikupempha modzichepetsa kuti mutichitire chifundo. Mwana wanu salinso m'matumba a anthu oyenda naye m'misewu ya kuno. Ali m'manja mwa mkazi wake, m'nyumba, ndipo sakhalamo nthawi yaitali, pakuti bateriya ya kansoloko yayamba kale kutupa, ina yolowa m'malo palibe, ndipo amene akanaikonza ndi amene tinawasiya ku Mpadue. Ikadzazima, adzagona monga mwafunira. Mukakana, mawu omaliza ndi anu, koma mudzakatenge nokha m'manja mwa mlamu wa banja lanuyu, chifukwa mwa ife palibe amene angatumike.

M'dzina la mamembala onse, amene alipo ndi amene anabalalika, Asilamu ndi Akhristu pamodzi, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu Mayi Zélia, kwa ana, kwa Bambo Jacinto ndi kwa banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu, amene aliyense wa ife amamutchula m'njira yake, kuti akulimbitseni pa ulendo wa ku Ulongwe ndi m'masiku ouma amene akubwera, ndiponso kuti mzimu wa mbale wathu uuse mumtendere. Tafunafuna mawu aulemu oposa amene iwo anatiphunzitsa, koma sitinawapeze. Pepani, pepani ndithu. Funso lotsatiralo ife latikanika kuyankha, ndipo talisiya m'manja mwanu, Mayi Zélia, pamodzi ndi kansolo kaja ndi chingwe chake cha moto.

Ife anu olira nanu,

Belmira Alberto
Wapampando womaliza
Bungwe la Okonda Tinsolo Totsegula la ku Tete