Ndinafupa Nankhoma pa Piyano

Lewisham, London

Okondedwa achemwali anga a Effie,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana onse ku Dedzako. Mwendo uja mukupezako bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti mawondo akamva chisanu amakana masitepe. Mwana wanga Felton ndi mkazi wake ali bwino, akugwirabe ntchito yosamalira okalamba. Koma ine ndi Feltonyo sitikumwerana madzi, n'chifukwa chake ndagwira cholembera, ngakhale mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza Sitandade 4.

Mukumukumbukira Shantel, mwana wa Felton, uja munamuona pachithunzi atakhala pa piyano. Pano ndi namwali, ali ku koleji ya zoimbaimba. Nyimbo zake si izi zovina achinyamata. Ndi za azungu a zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo. Iye amati anthu amenewo ankapeka za m'mitima mwawo: chikondi, maliro, kupukwa kwawo. Amatchula a Schubert, a Brahms, ndi ena mayina olumitsa lilime.

Masana makolo ake akapita kuntchito timatsala awiri, iye kuyeserera, ine kumvera. Amene anandigwira mtima ndi wina dzina lake Chopin. Shantel anandiuza kuti anali wa ku Poland, anachoka kwawo ali mnyamata, sanabwererenso, anakafera ku Paris. Magule a kumidzi ya kwawo anawalowetsa mu piyano. Atamwalira, mlongo wake ananyamula mtima wake kupita nawo kwawo.

Ndinati ameneyu ndi mtchona mnzanga. Ine amene ndinachoka pa Dedza ndevu zisanamere, ndakalambira m'mafamu a fodya ku Zimbabwe, lero ndili kuno, nyimbo za munthu ameneyu sindifuna wondimasulira.

Mwezi watha Shantel anakaimba m'tchalitchi china ku Croydon, masana, anthu atadzaza. Tinapita tonse, ine nditavala suti yanga yotuwa ija. Achemwali, mwanayo anaimba! Zala zake zinkathamanga osaoneka. Kenaka anakweza manja, nyimbo inatha.

Zii. Palibe anawomba m'manja, ngakhale mmodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, anthu ali duu ngati pa siwa. Wina anangotsokomola. Ndinayang'ana Felton, nayenso wapinda manja. Mumtima ndinati, kodi mwana wathu akumunyoza chifukwa ndi wakuda? Nanga bambo wake womubala watani?

Ndinadzuka ndi ndodo yanga, n'kuyenda mpaka kutsogolo. Ndinatulutsa ndalama yapepala, n'kuiika pamwamba pa piyano monga timafupira wovina bwino kwathu. Ndinamutchula ndi mfunda wake, Nankhoma, mokweza kuti onse amve kuti mwanayu ali ndi eni ake. Ndiye ndinawomba m'manja ndekhandekha.

Pambuyo pake ndi pamene anandifotokozera kuti nyimboyo inali isanathe. Ili ndi zigawo zinayi, ndipo pakati pa zigawozo anthu sawomba m'manja, amadikira chomaliza. Kunyumba mwanayo amayeserera chigawo chimodzichimodzi, ndiye ine ndinkayesa ndi nyimbo zinayi zosiyana. Lamulolo ndalimva. Koma m'basi popita ku Croydon, njira yonse, Felton ankangondiuza zoti ndizimitse foni, za manjazi sanatchule.

Zimenezo si zimene zikundisowetsa tulo. Mayi wina wolandira alendo atabwera kudzanditenga, Felton anathamanga, n'kundigwira pamkono monga amagwirira nkhalamba za kuntchito kwake. Anauza mayiyo m'Chingerezi kuti andikhululukire, ndine wokalamba, mutu wanga suyendanso bwino.

Achemwali, Chingerezi changa n'chapafamu, koma ndinamva liwu lililonse. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndi thukuta la m'zigafa za fodya ananditcha wozerezeka pamaso pa alendo kuti nkhope yake iyere. Mutu wanga uli bwinobwino. Mankhwala anga ndimamwa ndekha, basi ya ku Peckham ndimakwera ndekha.

Woimbayo, Shantel, sanakhumudwe n'komwe. Anamwetulira, anati zikomo agogo m'Chichewa chake chopotoka chija, anadikira kuti ndikhale pansi, n'kupitiriza osaphonya. Kunyumba anandinong'oneza kuti m'masiku a Chopin anthu ankawomba m'manja pakati pa nyimbo zikawakomera, kukhala chete kumeneku kunabwera pambuyo. Ndalama ija sanadye, anaisunga kuseri kwa foni yake.

Tsopano nkhani ndi iyi. Mwezi wamawa Shantel akuimba komaliza ku koleji, pamaso pa aphunzitsi omuyesa. Felton walamula kuti ine nditsale kunyumba, adzandijambulira pafoni. Akuti sangaike tsogolo la mwana pachiswe. Shantel akufuna ndipite, koma sangatsutse bambo ake, ndipo ine sindikufuna kuti atero.

Inu ndinu azakhali ake. Felton amatha kundidula mawu ine, koma inu mukayankhula amakhala pansi ngakhale pafoni. Muimbireni Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Mumuuze ziwiri. Choyamba, abweze mawu aja pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake. Chachiwiri, mpando wanga ukhalepo.

Mumuuzenso kuti asaope. Ine ndi Shantel tapangana kale. Zigawo zonse ndikuzidziwa tsopano, ndaziwerengera pa zala. Akamaliza chigawo chotsiriza chenicheni adzaika manja pamiyendo n'kundiyang'ana. Kufikira pamenepo ndidzakhala ngati mwala. Koma akangondiyang'ana, ndidzaimirira, ndidzamutchula Nankhoma, ndipo ndidzamufupanso. Pamenepo ndiye sindipempha chilolezo kwa munthu.

Mlongo wa Chopin anadutsa maiko atanyamula mtima wa mlongo wake. Ine sindikukutumani katundu wolemera chotero, mwendo wanu ndikuudziwa. Wanga mtima ukadali m'chifuwa, ukugunda bwino, ukungofuna mpando umodzi m'holo ya ku kolejiyo. Imbani foniyo.

Mundiperekere moni kwa a Kasuba ndi banja lawo, kwa Margaret, ndi kwa onse a kumpingo amene akundikumbukirabe. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'mwendomo.

Ndine mlongo wanu,
Weston Nkhoma