Sokosi Yakuda ya Bambo a Thoko

Mponela,
Dowa.
16 Febuluwale 2025

Okondedwa akulu anga a Veronika,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nkhata Bay kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno mvula ikugwa, chimanga chamasula, fodya anthu ayamba kuthyola. Nkhani iyi ndayesa kawiri konse kuinena pafoni koma ndalephera, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Nsomba za malemu bambo a Thoko zatha. Mukuzikumbukira mbuna zija za m'thanki yagalasi pabalaza, zimene munkawaseka nazo kuti mphunzitsi wa sayansi wamkulumkulu akuweta ndiwo zosadya. Pamene tinkawaika m'manda mu Okutobala zinalipo khumi ndi ziwiri. Lero yatsala imodzi, yachikasu ija. Ndazipha ndine.

Ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Faines, nsomba zanga usapatse anthu. Uzizisinthira madzi Loweruka lililonse, ndowa imodzi." Ine ndinawakalipira kuti munthu akulephera kupuma koma nzeru zili pa nsomba. Anaseka, ndipo ndinalonjeza.

Tsiku lometa, inu mutanyamuka kale, ndinati ndipukute galasi lija. Kuseri kwa miyala, pafupi ndi kapampu, dzanja langa linakhudza chinthu. Inali sokosi yakuda yomanga ndi kachingwe kukamwa kwake, yolemera, m'kati mukulira tinthu. Akulu anga, inu ndi ine tinakulira ku Ntchisi, chithumwa timachidziwa. Panja amayi anzanga a Chigwirizano anali akutsuka mbale, ndipo mwamuna wanga anali mkulu wa mpingo zaka makumi awiri. Sindinamasule n'komwe. Ndinaikulunga m'chitenje n'kukaiponya m'chimbudzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinawakwiyira ali m'manda. Chithunzi chawo ndinachichotsa pakhoma, Thoko atafunsa ndinati chikugwa fumbi. Uhedimasitala wawo uja ndinayamba kuukayikira kuti mwina anaupeza ndi chithumwacho. Ngakhale matenda awo ndinkati mwina ndi zomwezo zinawatembenukira. Kutchalitchi akayamba nyimbo imene ankaikonda ija ndinkangogwedeza milomo.

Koma lonjezo ndi lonjezo, nsombazo ndinkazisamala. Mvula itayamba ndinati ndiziposa ngakhale eni ake. Iwo ankakatunga pamjigo ngakhale dzinja, mgolo uli wodzaza madzi a mvula pakhonde, ine n'kumati ndi makani awo aja. Madzi a pamjigo wathu mukuwadziwa, amasiya zoyera m'ketulo ndipo sopo sachita thovu. Ndiye ine ndinayamba kuzithirira a mvula, oyera mbee.

Mu Januwale zinasiya kudya. Zinkadzikhula pamiyala, kupuma mofulumira, mtundu n'kuzilala. M'mawa uliwonse ndinkavuula imodzi kapena ziwiri n'kukazikwirira pansi pa mgwafa kuti nkhuku zingatole. Mumtima ndinkati ndi chinthu chija chikulipsira. Ndinawonjezera madzi a mvula, ndowa ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo zinkafa mofulumira kuposa kale.

Lachitatu lapitali kunabwera a Vinsenti Kamchacha, amene ankaphunzitsa nawo limodzi, kudzasiya mabuku awo otsala kusukulu. Anasuzumira m'thanki. Anatsegula kabati ya malemu, n'kutulutsa kabotolo ka timapepala, n'kuviika kamodzi m'madzimo. Kanasintha mtundu.

"Mayi, madziwa awawasa," anatero. "Timayeza ndi nambala yotchedwa pH. Nsomba za kunyanjazi zimafuna eyiti, koma pano pali sikisi. Mukutunga kuti?"

Ndinawauza monyadira. Anagwira kumutu. Akuti ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimawawasitsa madzi tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chimaletsa ndi laimu uja ndinkadana naye m'ketulo. Madzi a mvula alibe laimu, choncho palibe chogwira nambalayo kuti isatsike. Kenako anapinda malaya n'kupisa dzanja kuseri kwa miyala.

"Nanga sokosi ija ili kuti? Tinamanga tili awiri. Muli zigoba za nkhono zosinja, anatola okha ku Salima. Zimasungunuka pang'onopang'ono n'kumaletsa madzi kuwawasa. Ikanakhalapo, bwenzi zambiri zili moyo."

Ndinati sindikudziwa. Ndinanama, ine mayi wa yunifolomu yoyera. Atapita ndinatsegula sutikesi ya malemu, ndipo sokosi inzake ndinaipeza ili yokhayokha pansi pa jekete. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Ndinkafuna kuthiramo soda wophikira therere kuti zitheretu, koma a Kamchacha anali atandiletsa kale. Akuti ukakweza nambalayo mwadzidzidzi umapha ndi yotsalayo. Ndiye ndikuchotsa jagi imodzi patsiku n'kubwezeramo ya pamjigo, ndipo ndikukatunga ndekha ngakhale bondo likuvuta. Lero kapepala kaonetsa sikisi ndi theka. Yachikasuyo ikungokhala pakona, sinadyebe. Kaya ipulumuka, sindikudziwa.

Pempho langa ndi ili. Munditolereko zigoba za nkhono kumeneko, zodzaza manja awiri, muzitsuke ndi madzi okha opanda sopo. Mupatsire munthu wodalirika amene akupita ku Lilongwe kudzera kuno ku Mponela, ndidzamudikira pamsewu. Musachedwe chonde. Ndipo musandiseke monga mwa chizolowezi chanu, ulendo uno sindingapirire.

Thoko musamuuze. Amawadziwa bambo ake monga analili, asadziwe zimene mayi ake anawaganizira miyezi inayi yathunthu. Chithunzi ndachibwezera pakhoma, koma sindikutha kuchiyang'ana kumaso. Pasaka mukabwera mudzandiperekeze kumanda, ndili ndi mawu okanena ndipo ndekha sindingapiteko.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Alamuwo mukapeza kanthu kawo kosadziwika m'nyumba, muziwafunsa akadali moyo. Ine mwamuna wanga anakhala nane zaka makumi atatu ndi chimodzi osandinamizapo, ndipo ndinalephera kumasula kachingwe kamodzi kuti ndione. Sokosi yotsalayo ndaichapa, ili pamwamba pa thanki kudikira zigoba zanuzo.

Ndine mng'ono wanu,
Faines