Nthochi ya Aneba Yabala

Okondedwa asuweni,

Kuno tili bwino, kungoti chisanu chayambanso kuluma. Kaya inu ndi ana?

Mukuikumbukira nthochi yanga ya m'ndowa ija? Ndimaifunditsa, ndimaikokera pazenera kutsata kadzuwa, koma mpaka lero ndi masamba okhaokha. Mphukira yake ndinapatsa aneba, mayi okhala okha aja. Yawo yatulutsa mkoko, asuweni! Anandibweretsera nthochi ziwiri m'mbale uku akumwetulira. Ndinathokoza, koma zinandikanika kumeza.

Akuti amene amawathandiza kuisamalira ndi bambo a kunyumba kuno, munthu woti yangayi sanaithirepo madzi. Dzulo ndinaona bulangete lathu la pabedi litakulunga nthochi yawoyo.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine msuweni wanu, wogona ndi chisanu.