Voti Yanga, Nkhondo ya Chiso

Lolemba, 5 Okutobala

Kutentha kuyambira m'mawa. Madzi kulibe Area 11 yonse, ndasamba a mu ndowa. Ku ofesi nkhani ndi imodzi basi, chisankho cha pulezidenti. Opikisana ndi ambiri koma enieni ndi awiri. Muno ndiziwatchula maina amene tinawapatsa ku ofesi, Wamsonkho ndi Wamtendere.

Wamsonkho akuti adzatsitsa msonkho wa pamalipiro ndi wa katundu wolowa m'dziko. Asilikali athu amene ali kunja, kokasungitsa mtendere pa nkhondo ya eni, akuti azipitabe poti boma limapezapo ndalama. Wamtendere akuti onse adzabwerako chaka chisanathe, ndipo ndalama zimene boma litaye pamenepo tidzalipira ife a malipiro apamwamba ndi a nyumba za m'mipanda.

Ntchito yanga ndi yowerengera makampani msonkho. Mutu wanga unasankha kale. Wamsonkho.

Koma Chiso. Mng'ono wanga yekhayo, msilikali, ali komweko kuyambira mwezi wa Epulo. Ndikamaganiza za voti, iye ndimamuika pambali kaye.

A Davison, bwana wanga, ndi a Wamsonkho osabisa. Andipempha ndikalankhule pa wailesi Lachinayi m'malo mwawo. Akuti, "Frazer, iwe pakamwa uli napo. Tikapambana sutsala." Ndavomera asanamalize n'komwe. Ndagula taye yatsopano, ngati kuti pa wailesi amaona.

Lachinayi, 8 Okutobala

Ndalankhula. Poyamba zimayenda bwino kwambiri. Msonkho ndaufotokoza ngati ndikuphunzitsa mwana, wowulutsa kumangogwedeza mutu.

Kenako anatsegula mafoni. Mayi wina wa mau otsika anati mwana wake ali kunkhondoko, nanga za iyeyo mukuti bwanji? Ndikanati pepani mayi. Ndikanati imeneyo si mbali yanga. Ine ayi. Ndinaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mayi, tisanamizane. Palibe msilikali amene amakokedwa ndi chingwe. Amalimbirana okha kupita chifukwa cha alawansi, akabwera n'kumagula magalimoto. Ife tisamve chisoni kuposa eni ake."

Wowulutsa anaseka nane. Mayi uja foni inaduka, kapena anaidula yekha, sindikudziwa. A Davison anatumiza uthenga wa mau amodzi, wamenya. Ndilembe zoona, ndinatuluka ndikumva kukoma. Mpaka ndinadutsira ku City Centre kukagula nkhuku yootcha.

Mkazi wanga anamvera ali kunyumba. Nkhuku sanaikhudze, anangogawira mwana wathu Jordan. Pochotsa mbale anandifunsa kuti, "Kodi Evelina wailesi alibe?"

Evelina ndi mkazi wa Chiso. Nthawi yonse ndinali mu studiyo muja sindinamuganizire ngakhale pang'ono.

Loweruka, 10 Okutobala

Wina wadula mbali ija n'kuiika pa watsapu, ndi chithunzi changa pamwamba. Za msonkho zonse anazitaya, anasiya mayi uja, kuseka kwanga, ndi chingwe. Ndamvetsera kamodzi. Kuseka kuja sindinadziwe kuti kumamveka choncho.

Mu gulupu ya banja muli zii. Evelina watulukamo.

Ndalembera Chiso kuti uli bwanji m'bale wanga. Timizere tiwiri ta buluu. Wawerenga. Yankho palibe.

Ndadziuza kuti kumeneko netiweki imavuta. Masana ndatsuka galimoto yoyerayera kale.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Nkhani za m'mawa: msasa wa asilikali athu waphulitsidwa ndi mabomba, alipo amene afa. Maina sanatchule, akuti adziwitse kaye achibale.

Ku ofesi ndinangokhala maso ali pa kompyuta, osaona kanthu. Foni ya Chiso osalowa. Ya Evelina kulira mpaka kuduka. Ndinalowa m'chimbudzi n'kutseka, ndikupemphera ngati mwana, kulonjeza Mulungu zinthu zimene sindingalembe pano.

Dzuwa litapendeka maina anatuluka. Ndinayendetsa maso kufunafuna dzina limodzi. Mulibe. Ndinakuwa, anzanga kundikumbatira, ine misozi mbwe.

Nditakhala pansi ndiye ndinawerenga bwinobwino. Mukhtar Yunusu.

Mwana wa Che Yunusu, telala wa ku msika wa Tsoka, mnzawo wa malemu bambo. Yunifolomu zathu zonse za ku pulayimale anasoka ndi iwo. Mukhtar ndi Chiso anakulira limodzi pansi pa tebulo la makina, usilikali analowa limodzi. Dzina lake linali pamwamba penipeni. Ndiye kuti maso anga analidumpha ndikukasangalala.

Lolemba, 19 Okutobala

Masiku apitawa sindinalembe. Chakudya sichikulowa.

Lero tamuika Mukhtar. Bokosi lokhoma, lokuta mbendera. Achibale anawalangiza kuti asatsegule. Anthu osasimbika, amalonda a ku Tsoka ambiri anatseka mabenchi awo. Kuchoka ku mzikiti amuna amalandirana bokosi, aliyense kunyamulako pang'ono n'kupatsa mnzake. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni, magalasi akuda kumaso, pakamwa potseka. Ndimaopa kuti ndikangoti moni wina azindikira mau.

Ndimati ndizembe tikangochoka kumanda. Che Yunusu anandiona. Anakweza dzanja n'kuitana, "Mwana wa Shadrick!" Anthu anandipatsa njira.

Achepa thupi. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, osalisiya. Anafunsa za Jordan, za mayi ake, ngati Chiso wamveka. Ndinanama kuti ali bwino, timalankhulana. Kenako anati, "Ndinakumva pa wailesi. Mau ako ngati a bambo ako."

Ndinayembekezera kuti apitirize. Akanandilalatira pagulu ndikanapepukidwa. Iwo anangoyang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, "Mukhtar galimoto sanagule. Ulendo woyamba uja anandigulira makina amagetsi, akuti miyendo yanga yatopa kupalasa."

Pepani sanatuluke pakamwa panga. Ndinangoti zikomo. Zikomo! Pa maliro a mwana wa munthu.

Lachitatu, 21 Okutobala

A Wamtendere amata zithunzi za Mukhtar m'mitengo ya mumsewu kuyambira ku Old Town mpaka ku City Centre. Pansi alemba kuti ABWERE KWAWO. Galimoto yawo ya zokuzira mau ikuzungulira ikuliza mau anga aja, n'kumafunsa anthu kuti mwamva mmene amakuonerani? Yandipeza pa mzere wa mafuta. Ndinakweza magalasi a galimoto, thukuta kamukamu.

Mkazi wanga wamva kumsika kuti chithunzicho Che Yunusu sanapemphedwe. Anangochiona pamtengo akupita kokaswali. Ndiye awanso ndi otero.

A Davison akufuna ndikalankhulenso Lachisanu. Akuti za maliro anthu saachedwa kuiwala, chimene saiwala ndi mtengo wa shuga. Ndawauza kuti pakhosi pandipweteka. Mpaka ndinatsokomola kuti akhulupirire. Chifukwa chenicheni ndinalephera kuchitchula, ndikuganiza za mpando umene anandilonjeza.

Loweruka, 24 Okutobala

Ndinalimba mtima kupita ku Area 2, ku shopu ya nsalu kumene Evelina amagwira ntchito. Ndinazungulira kaye msewu wonse ngati ndikufuna china. Nditalowa anandilonjera mwaulemu, alamu mwaswera bwanji, n'kupitiriza kudulira kasitomala nsalu. Ndinaima pambali mpaka anthu atatha.

Mau ndinakonzeratu m'galimoto. Ndinati ndinalakwa, ndipo ndaganiza zovotera Wamtendere kuti Chiso abwere kwathu wamoyo. Ndinkayesa kuti nkhope yake imasuka.

Anaika sizasi pansi. Anati iye avotera Wamsonkho.

Ndinayesa sindinamve bwino. Anafotokoza mosakweza mau. Chiso analembetsa kale kuti akabwera adzapitenso ulendo wina. Nyumba imene akumanga yafika pa mawindo, denga palibe, mvula ikubwera. Mwana wawo wamkulu akuyamba sekondale chaka chamawa. Malipiro a kuno okha sangafike nawo patali. Maulendowa akatha, nyumbayo idzagwa isanagonedwemo. Chiso amamuimbira akapeza mpata, ndipo nkhani yawo imakhala ya malata.

Ndiye kuti netiweki ilipo.

Ndinafunsa ngati sachita mantha. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati moto umatentha. Akuti tsiku la mabomba lija anagwa pansi m'shopu momwemo, anzake kumuthira madzi. Foni yanga anaiona ikulira.

Ndikutuluka anati, "Zimene munanena zija n'zoona, alamu. Anapitira ndalama. Koma mukanazinena osaseka."

Ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali, osailiza.

Lolemba, 26 Okutobala

Mawa. Ndikachonga Wamsonkho, ndiye kuti ndasankha thumba langa, Chiso n'kubwerera komwe kwafera mnzake. Ndikachonga Wamtendere, ndamulanda denga limene akuliikira moyo pachiswe, ine ndikugona m'nyumba ya matailosi.

Ndafunsa mkazi wanga kuti iye avotera ndani. Akuti voti ndi yachinsinsi. Kale tinkauzana.

Magetsi azima. Jordan ali ndi chifuwa.

Lachiwiri, 27 Okutobala

Ndavota. Mzere wautali pa sukulu, dzuwa loswa mtengo, maluwa a jakaranda ali mbwee pansi. Patsogolo panga panali alonda ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za kuno, akucheza, akuseka. Ine chipewa chofika m'maso, osayankhula ndi munthu.

M'kachipinda kovotera ndinachedwa mpaka woyang'anira anakhosomola. Ndachonga Wamtendere.

Ndimayesa ndituluka wopepuka. Ayi ndithu. Ndikudziwa chifukwa chimene ndachongera pamenepo. Si Chiso, poti zofuna zake ndinazimva Loweruka. Si dziko, poti mpaka lero ndikukhulupirira kuti pa za msonkho Wamsonkho ndiye akunena zanzeru. Ndachonga kuti tsiku lina ndidzathe kudutsa pa Tsoka osazemba benchi ya Che Yunusu. Ndasamba m'manja ndi voti, basi.

Pa geti ndinakumana ndi a Davison akutsika m'galimoto. Anakweza chibakera, chizindikiro cha Wamsonkho. Nanenso ndinakweza, inki ili pa chala.

Lachitatu, 28 Okutobala

Akuwerengabe. Mbali iliyonse ikuti yapambana. Sindinapite ku ntchito.

Masana foni inalira kamodzi. Uthenga wa Chiso, woyamba chilankhulireni pa wailesi paja. Moni palibe, za Mukhtar palibe. "Achimwene, mwavotera ndani?"

Ndinalemba Wamtendere, n'kufufuta. Ndinalemba zambirimbiri, za pepani, za Che Yunusu, za denga, n'kufufutanso. Pomaliza ndinatumiza mau a mkazi wanga aja, akuti voti ndi yachinsinsi. Ndinaikako ndi kankhope koseka. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani.

Anawerenga nthawi yomweyo. Ndinaona kuti akulemba, kusiya, kulembanso.

"Chabwino. Ife kuno sitivota. Ndimangofuna ndidziwe kuti mwandisankhira chiyani."

Akuonekabe kuti ali pa foni. Akudikira. Ndayamba kulemba kuti Chiso, m'bale wanga, ine...