Chithunzi cha Rejoice

Mwana wanga Gregorio,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi mpongozi wanga Thandie. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno ku Milepa tikudzuka ndithu, koma pakhomo pano mulibe mtendere.

Mlongo wako Rejoice atagwa khunyu kumunda, ndinapempha a Kalinde, aneba athu, kuti amujambule ali pabedi kuchipatala, akutumizire iwe wekha. Ndinkafuna uone kuti ali moyo. Iwe unaika chithunzicho pa Fesibuku, n'kulemba dzina lake, mudzi wathu ndi matenda ake, kupempha anthu amupempherere. Ndikudziwa unachita ndi mtima wabwino, koma sunamufunse.

Chithunzicho chinalowa m'gulu la kwaya pa foni, kenako chinafika kwa anyamata a kabaza. Timoti, amene akufuna kumanga naye banja, anachionera pasiteji, anzake akupatsirana foni. Rejoice anali atakonza zomuuza yekha za matendawa chinkhoswe chisanafike. Mpatawo sanaupezenso.

Lamulungu lapitali kunabwera amalume ake a Timoti. Anakhala pamkeka nthawi yaitali akukamba za mvula, kenako anati akwawo apempha kuti za chinkhoswe ziyambe zaima. Ndinawauza kuti mwanayo akumwa mankhwala, ndipo adokotala akuti akhoza kukwatiwa n'kubereka bwinobwino. Anangoti amva. Timotiyo anabwera payekha mawa lake, ananena kuti iye sanasinthe, koma chikumuwawa n'choti anamva kwa anthu apamsewu.

Rejoice wasiya kupita kukwaya. Kumjigo amayi ena amamulanda ndowa ati asagwe nayo, ena amakokera ana awo kutali. Dzulo anandifunsa ngati pali munthu m'Chiradzulu muno amene sanamuone ali gone, thovu lili kukamwa.

Chonde mwanangu, chotsa chithunzicho. A Kalinde akuti amene anachisunga m'mafoni mwawo sitingawalande, komabe chotsa chakocho. Kenako umuimbire mlongo wako. Mwina sayankha, uimbebe. Ndipo ukafuna kupepesa, usakalembe pa Fesibuku paja. Upepese kwa iye, amve yekha.

Undiperekere moni kwa Thandie ndi a Benedict amene mukukhala nawo. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
Eluby Nachisale