Pikapu ya a Malume, Ine Wopanda Chitupa

Lamulungu, 3 Ogasiti 2008

A Malume Zebedee atulukira kuchokera ku Joni. Osati pa basi. Pa pikapu! Nissan yabuluu, kakang'ono, nambala zake za ku Joni komweko. Kumbuyo zigubu za petulo, mpunga, sopo, mafuta ophikira. Laini yathu yonse ya Glen View, kuno ku Harare, kutuluka panja ngati kwabwera shuga pa shopu.

Aonda koma. Jekete ndi imene ikuwavala iwo. Chifuwa chosatha. Akuti fumbi la ku fakitale.

Atadya anandiitanira panja. Kiyi m'manja mwanga, pha! "Hekita mphwanga, iyi ndi yako. Ndikupereka ndili moyo, maso anga akuona." Ine kuseka, kuyesa nthabwala. Amayi osaseka. Anagwada pafumbi n'kuwomba m'manja.

A Malume akuti ndi mwambo wa kwathu. Cha malume chimapita kwa mwana wa mlongo wake, osati kwa mwana wake womubereka. Kwathu kwake ndi ku Dedza kumene sindinapondeko. Lero ndakukonda zedi ku Dedza.

Ine, wofwatika masiponji m'masofa ku komplekisi ya akalipentala, fumbi mpaka m'makutu. Amapikapu aja amangokhala pamthunzi kudikira wogula sofa, kenako marandi m'thumba. Ndikubwera, akuluakulu. Ndisungireni mthunzi.

Kope ili ndi lija la masamu la Giredi 7. Lapeza ntchito tsopano.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndatsuka galimoto kawiri. Madzi ochokera ku mjigo, mzere wake maola awiri. Amayi akuti thupi langa sindinalitsukepo choncho.

M'kabati ka kutsogolo ndapeza pepala la pa boda, chidindo chofiirira. A Malume andimasulira. Galimoto yalowa ngati mlendo. Masiku makumi atatu basi. Analowa pa 2, ndiye pofika pa 1 Seputembala ikhale itatuluka, apo ayi ikhale italipira msonkho n'kukhala ya kuno. Kupitirira pamenepo alanda. Ndiponso woyendetsa akhale iwo okha, poti pepala likutchula iwo.

Ndiye galimoto nayonso imakhala mlendo? Pa chitupa cha amayi analemba kuti ndi mlendo, chonsecho anabadwira pa famu ku Banket. Zaka makumi anayi ndi zisanu. Iwo bwanji sanawapatse masiku?

Ndaitcha dzina. NaMlendo.

Ana a pa laini akukumba m'matayala ndi m'zitini kufuna makobili akale anatha ntchito aja, poti akuti ayambanso kugula. Ine ndawauza asayandikire NaMlendo ndi manja amatope.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kutauni ndi a Malume. Ndakhala kutsogolo, chigongono pawindo. Palibe wa ku komplekisi amene wandiona. Tsoka.

Takaonana ndi a Elliot, ejenti wa za msonkho, mnzawo wa a Malume wa kale ku njanji. Ofesi yawo ndi kunsi kwa masitepe. Tebulo, kakyuleta, mpando umodzi. Ine ndinakhala pa khireti.

Ndafunsa mafunso mpaka anandifunsa ngati ndine wapolisi.

Zimene ndamva. Lisiti limene unagulira galimoto a msonkho amaliyang'ana ngati kalata ya chibwenzi: kuwerenga, kumwetulira, osakhulupirira. Ali ndi mitengo yawoyawo. Amaphatikizanso zimene unawononga poibweretsa, ndiye msonkho umadulidwa pamwamba pa zonsezo. Ukavutika kwambiri poibweretsa, ulipiranso kwambiri. Anayamba ndani nzeru imeneyi? Ndikufuna ndimuone nkhope.

Pikapu msonkho wake ndi wochepa kuposa galimoto zakabudula zonyadira zija, poti pikapu ndi yantchito. Apa ndagwirizana nawo. Wantchito azimumvera chisoni.

Ndipo safuna ndalama yathu. Boma lomwe losindikiza ndalama silikuifuna ndalama yake! Akufuna yakunja. A Malume anangogwira thumba la jekete. Anakonzeka.

Ukatha apo, kupolisi. Akaone nambala ya injini ndi nambala ya chasisi ngati si yakuba. Kenako buku la galimoto. Kenako nambala puleti.

Titafika kunyumba ndinagona pansi pa NaMlendo kufufuza. Zoonadi, manambala odinda pa chitsulo. Anamulemba tsiku lomwe anabadwa. 1994. Ine ndayang'ana thupi lonse: chipsera cha katemera basi.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Maholide awiri adya masiku athu. Atsala 19.

Kwa a Elliot ndi mafomu. Cholembera m'manja, osayang'ana n'komwe: "Chitupa cha mwini wake."

Zii.

A Malume kuyang'ana ine. Ine kuyang'ana kakyuleta.

Ndilibe chitupa. Chitupa chimafuna befi, pepala la kubadwa lija. Befi ndilibe. Ndinabadwira m'komboni ya pa famu, chipatala kulibe, wolemba kulibe. Amayi anapitapo kamodzi ku ofesi, anawabweza kuti abwere ndi umboni. Kenako famu inalandidwa, anthu kubalalika, bambo anga kusowa. Mayeso a Giredi 7 sindinalembe chifukwa chomwecho. Ku komplekisi ndimati ndinasiya sukulu poti aphunzitsi anatha zondiphunzitsa. Amaseka. Bwino aziseka.

A Malume samadziwa. Zaka zonsezi ku Joni amayesa zinakonzeka. Ku Dedza kwawoko njinga umangomupatsa munthu pamaso pa anthu, basi yake. Anakonza petulo, marandi, mapepala onse a galimoto. Pepala la munthu ndi limene sanaliganize.

A Elliot akuti: "Galimoto ilipo, msonkho ulipo. Mwini wake ndi amene kulibe."

Ndinati ndili pano, pa khireti yanu. Sanaseke.

Akuti njira yachidule, ilembedwe dzina la wachibale wokhala ndi chitupa. Ndipo anatchula Takudzwa.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Msonkhano ku Rugare, kunyumba ya njanji kumene kumakhala akazi a a Malume, Mai Takudzwa. Iwo ndi Mshona wa ku Murewa. Tiyi wopanda shuga, nkhope zopanda shuga.

Taku ndi msuweni wanga, mwana wa a Malume. Fomu 4, chitupa, laisensi, nsapato zosongoka. Pa Chichewa msuweni ndi wotukwanizana naye. Pa Chishona akuti iye ndi sekuru wanga, ngati malume, ndizimulemekeza. Amasankha Chishona nthawi zonse. Wandilonjera kuti "muzukuru wopanda nambala puleti." Ndamuuza nsapato zake zingatsegule chitini cha nsomba.

Mai Takudzwa analankhula mosakuwa. Akuti zaka khumi ndi ziwiri akulera ana okha, mwamuna ali ku Joni, lero chobwera nacho chikudutsa pakhomo kupita kwa mlongo. "Kodi amene ndinabereka ine ndi mbuzi?" Ndinayang'ana pansi. Mawu awo ndi oona.

Amayi nawo: "Buku likalemba Takudzwa, tsiku la maliro adzawerenga buku, osati mawu a achimwene."

Maliro ati? Bwanji aliyense akuthamangira maliro?

Ndinafunsa kuti bwanji osalemba dzina la a Malume eni ake, nkhani ithe. Amayi akuti ndi zomwezo. A khoti sadziwa za mphwa. Amadziwa mkazi ndi ana.

Pobwerera ndinawafunsa a Malume kuti mwambo umenewu anayambitsa ndani. Sakudziwa. Koma iwo anachoka pa famu pa njinga ya Humber imene anawapatsa malume awo. Njinga imeneyo ndi imene inawafikitsa ku njanji, njanji n'kuwafikitsa ku Joni. Nyumba ya ku Rugare ndi ya Taku, sukulu anamulipirira. "Mbumba yanga ndaipatsa chiyani? Sopo?" Kenako chifuwa. Anaimika galimoto pambali mpaka chitadutsa.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Masiku atatu osalemba. Ndimafwatika masiponji mokwiya, sofa imodzi yatuluka yolimba ngati benchi ya kupolisi.

Dzulo Taku anabwera ku komplekisi. Wopanda nthabwala, zachilendo. Akuti tisavutane, ilembedwe dzina lake, iye aziyendetsa poti laisensi ali nayo, ine ndizikweza ndi kutsitsa masofa, tizigawana.

Ndinaganiza usana wonse. Si zoipa. Nkhuni zili pamwamba, ufa ukusowa, amayi tomato wawo akuwolera pa tebulo. Mawa lomwe tikhoza kuyamba.

Koma taonani. Buku dzina la Taku. Chiwongolero Taku. Ine kumbuyo ndi sofa, kugwira chingwe. Wapolisi akaimitsa: iwe ndiwe ndani? Yankho lomwe lija la kwa a Elliot. Zii. Ngakhale atandipatsa basi yathunthu, laisensi ndikaitenga ndi chiyani? Nayonso ikufuna chitupa. Chilichonse chikufuna chitupa. Mwina ndi kumwamba komwe.

Lero a Malume anandifunsa maso ndi maso kuti ndasankha chiyani. Ndinati NaMlendo abwerere ku Joni akandidikire. Abwere ine nditalembedwa.

Pakamwa panga pomwe ndi pamene pananena zimenezi. Ndikudabwa mpaka pano.

Anandiyang'ana. Kenako: "Petulo watsala zigubu ziwiri. Tiye tikakufunefune."

Loweruka, 23 Ogasiti

Ku Caledonia, ine, amayi ndi a Malume. Msewu wake mabowo okhaokha, NaMlendo kulira ngati mbuzi yopita ku msika. Kufunsa nyumba ndi nyumba. Anthu a pa famu pathu ambiri anathera kumeneko. Amayi kulonjerana ndi aliyense, kulira pang'ono, kuseka pang'ono.

Tawapeza a Anderson, amene anali mabalani, kalaliki wa pa famu, komanso mkulu wa mpingo. Akalamba. Kanyumba ka mapulasitiki ndi zidina zosawotcha. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Uyu ndi wa Effie, uja anakodzera m'busa pa ubatizo." Mbiri yanga inayamba bwino.

Anatulutsa Baibulo lokulungidwa m'thumba la fetereza. Kumapeto kwake, masamba oyera aja, mayina okhaokha. Mwana aliyense wobadwa m'komboni ankamulemba, poti panalibe wina wolemba. Akuti tsiku lothamangitsidwa anasiya mapoto ndi bedi, ananyamula limeneli.

Chala chawo kutsika pang'onopang'ono. Ine maso pa chalacho.

Hector, mwana wa Effie Phiri. 9 Malichi 1987. Lolemba, mvula. Tsiku limene balani ya fodya ya nambala 4 inapsa.

Ndinawerenga kanayi. Ndinapempha kugwira.

Ndiye ndili ndi zaka 21, osati 19! Amayi akuti iwo amawerengera kuyambira chaka cha chilala, mwina anasokoneza zilala. Zaka ziwiri zanga zinapita kuti? Ndani anadya?

Chokoma kwambiri: Taku ndi wa Ogasiti 1987. Ndine wamkulu ndi miyezi isanu. Ulemu wonse ndinamupatsa uja abweze.

Mvula ikugwa balani n'kupsa bwanji? Ndayiwala kufunsa.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Ku ofesi ya mabefi. Lachiwiri tinabwerera pa geti, manambala atatha. Lero tinalawirira. Kufika, ndani ali kutsogolo kwa mzere, wafunda bulangete, nsapato zosongoka zikusuzumira pansi? Taku. Watigwirira malo. Akuti amayi ake sakudziwa, ndipo ndikawauza andithyola. Ndinati mwana wamng'ono salankhula choncho kwa akulu. Ndinamuonetsa tsiku. Akuti Baibulo limenelo ndi la Chichewa, iye silimukhudza.

A Anderson anavala tayi. Baibulo pachifuwa.

Mayi wa pawindo anatsegula, kuona mayina onse aja, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Anafunsa a Anderson kuti ana onsewa ali kuti. Iwo: "Ena ali pamzere panu pomwepa."

Mafunso ambiri. Amayi kulumbira, a Anderson kulumbira, a Malume kusaina. Ine kufunsa ngati nanenso andiyang'ane nambala ya injini. Amayi kunditsina.

Sizinathe. Akuti fayilo ikaonedwe ndi akuluakulu, poti chitupa cha amayi ndi cha mlendo. Andipatsa kapepala kachidindo. Ndibwerenso pa 14 Okutobala. Chitupa ndi pambuyo pake.

Kapepala kakang'ono ngati tikiti ya basi. Koma pali dzina langa, lolembedwa ndi boma. Koyamba.

A Elliot akuti galimoto ikadzabweranso msonkho udzakhala utasintha, malamulo a masiku ano amasintha ngati mitengo ya buledi. Ndati bola mwini wake adzakhale alipo.

Lamulungu, 31 Ogasiti

NaMlendo wapita. Ayenera kudutsa pa boda ya Beitbridge mawa lisanathe.

Ndinamutsuka komaliza. Ana a pa laini kufunsa kuti galimoto yako ikupita kuti. Ndati ku holide.

Taku wapita ndi a Malume mpaka pa boda, akabwerera pa basi. Pepala likuti woyendetsa ndi a Malume okha, ndiye iye ntchito yake ndi kuwayankhulitsa asagone. Mai Takudzwa anabwera kudzatsanzika. Anandipatsa moni. Waufupi, koma moni.

A Malume andisiyira kiyi wapadera. "Uyu alibe msonkho. Khirisimasi ndibwera nayo, undilandire ndi chitupa m'manja." Ndamumanga pa chingwe cha nsapato, ali pakhosi. Kapepala kali m'kope muno.

Kuchokera pa 14 Okutobala kufika Khirisimasi ndi masabata khumi. Chitupa chimatenga masabata angati? Laisensi? Taku akuti andiphunzitsa mabuku a zikwangwani za pamsewu ndikamutchula sekuru. Aiwale.

Polongedza, amayi anaika m'chikwama cha a Malume mabotolo atatu a mapilisi. Ndinawaona. Anakulunga mu nsalu yawo ya ku mpingo, yatsopano ija. Galimoto itakhota pa kona amayi anakhala pansi pomwe panali matayala, osadzuka. Anthu anabalalika iwo ali pomwepo.

Mwezi wonse ndafunsa aliyense chilichonse. A Elliot, a Anderson, mayi wa pawindo.

Mapilisi aja sindinafunse.