Bambo ndi bandeji yawo

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma bambo anditopetsa.

Chilonda chawo chapaphazi ndimachitsuka monga anandiphunzitsira anamwino: kusamba m'manja kaye, madzi owiritsa othira kamchere, kenako bandeji yoyera. Koma mlendo akangokhala pampando, bambo amamasula bandejiyo kuti amuonetse. Aliyense amagwirapo ndi zala zake n'kusiya malangizo. Dzana ndinapeza atapakapo mankhwala otsukira mano, ati anawauza ndi anzawo. Ndikalankhula, akuti chilonda chimafuna mphepo. Chipola bwanji?

Dzulo tinapita kuchipatala. Anamwino aja, ndi kulongolola kwawo konse, sanakalipe n'komwe. Anangoyang'anitsitsa chala chachikulu chomwe chayamba kuda, n'kundifunsa ngati ana a bambo tonse tili pafupi.

Ndinayankha kuti ndikulemberani.

Ndine mng'ono wanu.